Moto wa M'bokosi: Malangizo kwa Osewera Magemu pa Kompyuta

Ana anga, inu amene mwasunga ndalama miyezi yambirimbiri, ena mwathandizidwa ndi achibale a ku Joni kapena ku Ulaya, mpaka mwagula kompyuta yosewerera magemu, khalani pansi timvane. Pali funso limene limatipeza kawirikawiri ife amene takulira pa ntchito yokonza zipangizo zamagetsi, ndipo limachuluka chilimwe chikafika pachimake. Wina amabwera nkhope itagwa, amvekere, "Bambo, makina anga akumafika madigiri 82, kodi sakupsa?" Mnzake amabwera akuseka, makina ake akumazima okha gemu ili m'kati, koma iye akuti ndi vuto la magetsi basi. Woyambayo akuopa pamene palibe choopsa, wachiwiriyo wakhala phee pamene ngozi yafika kale pakhomo. Onsewa vuto lawo ndi limodzi: sadziwa malire amene wopanga chipangizo chawo anaika, ndipo sanayezepo makina awo m'chipinda chawo chomwe, pa mwezi wotentha.

Tiyambe ndi kumene motowo umachokera. M'bokosi la kompyuta muli zigawo ziwiri zimene zimadya magetsi kuposa zina zonse: purosesa, imene ambiri amangoti CPU, ndi graphics card, khadi limene limajambula chilichonse chooneka pa sikirini. Magetsi amene zigawozi zimadya sapita kwina ayi, pafupifupi onse amasanduka kutentha. Purosesa ya Intel yotchedwa Core i9-13900K ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse imaloledwa kukoka mawati 253, ndipo moto wonsewo umatulukira pa kachidutswa ka silikoni kosafika masentimita atatu m'litali mwake. Khadi la RTX 4090 la kampani ya NVIDIA, limene linatuluka mu 2022, limadya mawati 450. Ambiri a inu mulibe zimenezo. Muli ndi Ryzen 5 5600 ya mawati 65, GTX 1650 ya mawati 75, kapena RTX 3060 ya mawati 170. Komabe lamulo lake ndi limodzimodzi. Mukafuna zithunzi zosalala, kuti kapinga wa m'bwalo la mpira azioneka tsamba ndi tsamba, mwaitananso kutentha. Walira mvula walira matope. Makina ogwira ntchito amatentha ndithu, ndipo chofunika kudziwa n'chakuti kutenthako kwafika pati ndipo kukutulukira kuti.

Chimene chimasocheretsa ambiri ndi thupi lathuli. Munthu akafika madigiri 40 timathamangira naye kuchipatala, ndiye ukaona 80 pa sikirini mtima umangoti phwii. Koma silikoni si mnofu. Mapurosesa ambiri a Intel Core a m'badwo wa 12, 13 ndi 14 malire ake ndi madigiri 100. Kampani ya AMD itatulutsa Ryzen 7000 mu 2022 inanena poyera kuti mapurosesa akuluakulu a m'gululo anapangidwa kuti pa ntchito yolemetsa azikwera mpaka madigiri 95 n'kukhala pomwepo, osavulala. Anthu ambiri amene anawagula chaka chimenecho anachita mantha, ena n'kugula zoziziritsira zodula, koma nambala ija sinkatsika kwenikweni, chifukwa purosesayo ikapeza mpata wozizira imangowonjezera liwiro mpaka itafikanso pa 95. Pomwepo m'banja lomwelo la AMD muli ena osalimba choncho. Ryzen 7 5800X3D malire ake ndi 90, ndipo 7800X3D ndi 89, popeza pamwamba pa silikoni yake anasanjikapo kachigawo kena kosungira zinthu, kamene kamachedwetsa kutentha kutuluka. Kumbali ya makhadi, NVIDIA inalemba 93 pa RTX 3060 ndi 90 pa RTX 4090, koma makhadi ake ambiri anawakonza kuti akafika cha m'ma 83 ayambe kudziletsa okha.

Mwaona tsopano kuti palibe nambala imodzi yokwanira makina onse. Madigiri 92 pa Ryzen 9 7950X ndi ntchito yatsiku ndi tsiku, pomwe pa 7800X3D ndiye kuti malire apitiriridwa kale. Wopanga aliyense amalemba nambala ya chipangizo chilichonse poyera, ndipo kuifufuza ndi dzina la purosesa yanu sikutenga nthawi. Safunsa anadya phula. Musanakhulupirire mnzanu wa pa WhatsApp amene akuti chilichonse choposa 70 ndi imfa, kapena wina amene akuti makina amakono sapsa, dziwani kaye dzina lenileni la chimene chili m'bokosi mwanu ndi malire ake.

Nanga malirewo akafikidwa chimachitika n'chiyani? Apa m'pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Purosesa yamakono ili ndi tizipangizo toyezera kutentha m'kati mwake, ndipo ikaona kuti yafika pa malire imachepetsa liwiro ndi mphamvu ya magetsi imene ikukoka. Imachita monga mlimi wanzeru amene akugalauza m'munda mu Okutobala: dzuwa likafika pamutu sataya khasu n'kuthawa, komanso salimbana nalo mpaka kukomoka, amangochepetsa kaponyedwe kuti afike madzulo. Kudziletsako kukalephera, makina amazima okha silikoni isanawonongeke. Kale sizinali choncho kwa onse. Mu 2001 olemba za makompyuta a Tom's Hardware anachotsa zoziziritsira pa mapurosesa gemu ili m'kati. Pentium 4 ya Intel inangochepetsa liwiro n'kupulumuka, koma Athlon ya AMD ya nthawi imeneyo inafuka utsi m'kanthawi kochepa. Kuchokera masiku amenewo opanga onse anaphunzira, ndipo lero kupsereza purosesa ndi kutentha kokha n'kovuta kwambiri.

Ndiye wina anganene kuti, ngati imadziteteza yokha, tivutikiranji? Choyamba, liwiro limene yachepetsalo ndi ndalama zanu. Munalipira makina othamanga koma mukusewera pa makina otsimphina. Gemu imayamba bwinobwino, pakapita mphindi makumi awiri zithunzi zimayamba kudodoma, wosewera wanu akuima pamene mukufuna athamange, inu n'kumatukwana intaneti kapena amene anakugulitsani. Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, purosesa imadziteteza yokha koma siteteza anzake okhala nawo m'bokosi. Makapasita amene ali m'power supply, aja okhala ndi timadzi m'kati, ali ndi lamulo limene amisiri onse amalidziwa: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wawo umafupika ndi theka. SSD yosungira magemu anu, zambiri malire ake ndi madigiri 70. Mafani akamazungulira mwamphamvu usana ndi usiku mafuta a m'kati amauma, n'kuyamba kulira ngwee, kenaka kuima. Zimene timaziona zitafa pa tebulo la ntchito kawirikawiri ndi zimenezi, osati purosesa.

Palinso imfa ina yobwera mwakachetechete, yochokera ku kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza. Zitsulo zikatentha zimafutukuka, zikazizira zimakhwinyata, ndipo timfundo ta mtovu timene timalumikiza silikoni ndi bolodi lake timatopa mpaka kuthyoka. Izi zinagwetsa makina ambiri a Xbox 360, amene ankangoyatsa timagetsi titatu tofiira n'kusiya kugwira ntchito, mpaka mu 2007 kampani ya Microsoft inapatula ndalama zoposa madola biliyoni imodzi zokonzera makinawo, n'kutalikitsa waranti yake kufika zaka zitatu. Chaka chotsatira, mu 2008, NVIDIA nayo inapatula madola 196 miliyoni chifukwa cha titchipi take ta m'malaputopu timene tinkafa m'njira yofananayo. Makampani amenewo anali ndi akatswiri ndi ndalama, koma kutentha kunawagonjetsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono langizo langa pa manambala ndi ili, ndipo ndikulipereka monga mulingo wa mmisiri, osati lamulo la wopanga. Kompyuta ya padesiki ikangoyaka osachita kanthu, purosesa ndi khadi zizikhala pakati pa madigiri 30 ndi 50. Gemu ikamaseweredwa, purosesa ikamayenda pakati pa 60 ndi 80, khadi pakati pa 65 ndi 83, gonani tulo. Ikamadumphira ku 88 kwa kamphindi n'kutsikanso pamene gemu ikutsegula malo atsopano, si nkhani. Chimene chiyenera kukudzutsani ndi kuona nambala itamatirira pa malire kwa nthawi yaitali pa gemu wamba, liwiro likutsika, mafani akulira mpaka wogona chipinda china akumva. Malaputopu ndi mtundu wina. Malo ake ndi opanikizika, ndipo ambiri osewerera magemu amayenda cha m'ma 85 mpaka 95 pa purosesa ngakhale ali atsopano. Sindizikonda zimenezo, koma ndi mmene anapangidwira, ndipo mwini laputopu ayenera kusamala kuwirikiza.

Kuyeza sikufuna ndalama. Mapulogalamu a HWiNFO, GPU-Z ndi MSI Afterburner ndi aulere, ndipo yomalizayi imatha kukuonetsani manambala pakona pa sikirini mukusewera. Musayeze makina atangoyaka kumene. Sewerani gemu yanu yolemetsa kwa theka la ola, kenaka muone nambala yaikulu imene yafikidwa ndi imene yakhalitsa. Mukatsegula HWiNFO mupeza kuti khadi lili ndi manambala angapo, ndipo apa ambiri amasokonezeka. Yoyamba ndi kutentha kwa tchipi chonse. Yachiwiri, yolembedwa hot spot kapena junction, ndi ya malo otentha kwambiri pa tchipicho, ndipo nthawi zonse imakhala pamwamba pa yoyamba. AMD itatulutsa Radeon RX 5700 XT mu 2019 inafotokoza kuti nambala yachiwiriyi kufika 110 n'kololedwa. Yachitatu ndi ya memory ya khadilo, ndipo pa makhadi a GDDR6X monga RTX 3080 ndi RTX 3090 imeneyi imatha kupitirira 100, khadi n'kuyamba kudziletsa pa 110. Chimene ine ndimayang'ana kwambiri ndi mpata wa pakati pa yoyamba ndi yachiwiri. Zikasiyana ndi madigiri 10 kapena 15, zili bwino. Zikasiyana ndi 30, ndiye kuti choziziritsira sichinakhale bwino pa tchipi kapena mankhwala a pakati pake auma, ngakhale nambala yoyamba ikuoneka yabwino.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa pali chinthu chimene akatswiri a pa YouTube sangakuuzeni. Iwo amayeza makina m'zipinda zoziziritsidwa, za madigiri 21 kapena 22. Fani siipanga kuzizira, imangokankha mpweya umene ulipo. Chipinda chikatentha ndi digiri imodzi, zigawo za m'bokosi nazo zimakwera ndi pafupifupi digiri imodzi, mafani akamazungulira chimodzimodzi. Ku Lilongwe masana a Okutobala amafika madigiri 30 ndi kupitirira. Ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Tete ndi m'chigwa cha Luangwa pali masiku opitirira 40. Onjezanipo nyumba ya malata yopanda siling'i, mawindo otseka poopa akuba kapena udzudzu, ndi makina omwewo amene akutulutsa mawati 300 m'chipindamo kwa maola anayi. Khadi limene mzungu wa pa kanema anati limayenda pa 70, kwa inu lifika 83 kapena kuposa, popanda chilichonse chowonongeka. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Nambala imene ikukukhudzani ndi ya m'chipinda chanu, masana a mwezi wotentha, osati ya munthu wa ku Toronto. Ndipo makina amene anakutumizirani m'bale wanu wa ku Leeds, amene kumeneko ankayenda mosadandaula, akafika kuno amafunika kuyezedwanso.

Mdani wamkulu kuposa dzuwa ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mphepo imanyamula dothi la m'misewu n'kulilowetsa paliponse, ndipo kompyuta imakoka mpweya nthawi yonse imene yayaka. Bwerani tsiku lina mudzaone tikamatsegula bokosi limene lakhala pansi pa simenti chaka chathunthu. Mapiko a fani amakhala atakutidwa ndi dothi lofiirira. Ukachotsa faniyo, pakati pa iyo ndi timapepala tachitsulo ta heatsink pamakhala fumbi loumbana ndi tsitsi ndi ulusi wa zovala, lokhuthala moti umalisenda ndi zala lonse pamodzi, likusunga maonekedwe a timapepalato. Kuseri kwake chitsulo chimakhala choyera mbee, chifukwa mpweya unasiya kale kudutsapo. Fani imazungulira, mwini wake amamva phokoso n'kumati zonse zili bwino, koma ikungomenya khoma. M'nyumba zimene amaphikira pa mbaula pafupi, kapena mmene muli wosuta fodya, fumbilo limakhala lonata chifukwa cha utsi ndi mafuta, ndipo silichoka ndi kuuzira kokha. M'power supply, mofunda ndi mwamdima, nthawi zina timapezamo mphemvu zitamanga mudzi.

Nkhanga zinapangana kusanache. Musadikire Okutobala kuti makina akuuzeni okha. Yeretsani kumapeto kwa Ogasiti, ndipo mubwerezenso mvula ikayamba. Zimitsani, zulani chingwe kukhoma, tulutsani bokosi panja pamthunzi. Gwiritsani ntchito bulowa ndi kaburashi kofewa kouma, ndipo pouzira gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, chifukwa ikazungulira mopitirira muyezo imawonongeka. Madzi ndi nsalu yonyowa zisayandikire. Power supply muiuzire kunja kokha, musaitsegule, popeza makapasita ake amasunga magetsi otha kuvulaza munthu ngakhale chingwe chitazulidwa. Mukamaliza, bokosilo lisabwererenso pansi. Liikeni patebulo kapena pa kabenchi, kutali ndi khoma pang'ono, kuti mpweya wotentha wotuluka kumbuyo usabwererenso m'kati. Ndipo kansalu kokongola kaja kamene amayi amakonda kuphimbira zipangizo za m'nyumba kazichotsedwa makina asanayatsidwe. Wa laputopu asaiike pa bedi kapena pa bulangete, pakuti mpweya imakokera pansi. Kungokweza kumbuyo kwake pang'ono patebulo kumatsitsa madigiri angapo.

Pa kayendedwe ka mpweya sinditalikitsa. Uzilowera kutsogolo ndi pansi, uzitulukira kumbuyo ndi pamwamba. Mafani awiri okoka kutsogolo ndi imodzi yotulutsa kumbuyo amakwanira makina ambiri, ndipo okoka akachuluka pang'ono kuposa otulutsa, fumbi limalowera pa sefa m'malo molowera m'ming'alu. Koma ndinene za mabokosi amene achinyamata mwawakonda masiku ano, a galasi kutsogolo ndi m'mbali, odzaza timagetsi tosinthasintha mitundu. Ambiri mwa otchipa a mtundu umenewu mafani ake amakhala atatsamira galasi, akukoka mpweya pa kampata kosalowa ngakhale chala. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kwathu kotentha kuno sankhani bokosi la kutsogolo kwa maunauna. Ngati munagula kale lagalasi, yesani kuchotsa chitseko cha m'mbali n'kuyezanso. Manambala akatsika kwambiri, mwadziwa kuti vuto si purosesa kapena khadi, koma bokosi. Zoziziritsira za madzi nazonso sindizilimbikitsa kwa munthu amene ali kutali ndi kogula zipangizo. Zimagwira ntchito bwino, koma pampu yake ikafa purosesa imafika pa malire nthawi yomweyo, ndipo ina muidikira milungu. Choziziritsira chachitsulo chokhala ndi fani chilibe chofa china koma faniyo, imene imapezeka mosavuta.

Pakati pa purosesa ndi choziziritsira pamapakidwa thermal paste, mankhwala otuwa amene amatseka timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kudutse. Pakapita zaka amauma. Ukachotsa choziziritsira pa makina akale umapeza atasanduka chikhungwa chong'aluka, chofumbutuka ukachikanda ndi chikhadabo. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi isopropyl alcohol, ikani kadontho kamodzi pakati, kakukula ngati njere ya nandolo, n'kumanga zomangira mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko, kuti chitsulo chikhale mofanana. Musapake mankhwala otsukira mano kapena girisi wa njinga, monga ena amanamizana. Ndipo amene mwagula choziziritsira chatsopano, yang'anani pansi pake: pamakhala kapulasitiki koonekera kamene kayenera kumatulidwa. Kakaiwalika, makina atsopano amafika madigiri 100 asanatsegule n'komwe gemu. Izi si za chaka chilichonse. Ngati manambala ali bwino, zisiyeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mapini a purosesa ambiri apindika m'manja mwa anthu othamangira kukonza chosawonongeka.

Mawu awiri kwa ogula makhadi ogwiritsidwa kale ntchito, amene ndi ambiri mwa ife chifukwa atsopano mtengo wake ndi wosayandikirika. Mu Seputembala 2022 ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasiya kukumbidwa ndi makhadi a graphics, ndipo makhadi ochuluka amene ankagwira ntchito usana ndi usiku anathiridwa pamsika padziko lonse. Si onse oipa. Koma memory yake, mafani ake ndi timapadi tofewa toziziritsira tinatopa. Musagule khadi pongoliona kunja. Muuzeni wogulitsa aliike m'makina, muyatse gemu kwa mphindi makumi awiri, muone manambala atatu aja ndi maso anu, mumverenso ngati mafani onse akuzungulira mosakhulana. Wogulitsa woona mtima sakana zimenezo.

Tsopano za dyera la liwiro. Alipo achinyamata amene amalowa mu BIOS n'kukweza voltage kuti afinyemo liwiro lina, atangoonera kanema mmodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dziwani kuti chimene chapha mapurosesa m'zaka zaposachedwapa ndi voltage yochuluka, kuposa kutentha kwa masiku onse. Mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000X3D anatupa n'kupserera m'soketi, ndipo AMD inatulutsa BIOS yatsopano yoletsa voltage ya gawo lotchedwa SoC kupitirira 1.3. Mu 2024 Intel inavomera kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankapempha voltage yopitirira muyezo n'kumawonongeka pang'onopang'ono, magemu n'kumangotsekeka okha. Inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri, koma purosesa yowonongeka kale siichira. Amene muli ndi mapurosesa amenewa, onetsetsani kuti BIOS yanu ndi yatsopano, ndipo poisintha sankhani nthawi imene magetsi sangazime kapena lumikizani ku UPS, chifukwa akathima ntchitoyo ili pakati motherboard imatha osadzukanso. Ngati makampani eniake anapsa zala ndi voltage, inu musaiseweretse.

Njira yanzeru ndi yobwerera m'mbuyo pang'ono. Sikirini yanu ikakhala ya 60 Hz imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, ndipo khadi likamajambula 200 zambirizo simuziona, mukungowotcha chipinda ndi kumaliza mayunitsi. Osewera magemu owomberana a mpikisano amati zochulukazo zimathandiza kuti makina aziyankha msanga, ndipo pali choonadi pamenepo, koma pa gemu ya mpira kapena ya galimoto ikani malire a zithunzi mogwirizana ndi sikirini. Mu MSI Afterburner mungathenso kutsitsa power limit ya khadi kufika 80 peresenti. Liwiro limene mutaye ndi lochepa moti mwina simulizindikira, koma kutentha ndi phokoso zimatsika moonekeratu. Mapurosesa a Ryzen ali ndi Eco Mode imene imachita chimodzimodzi. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. M'miyezi yotentha tsitsani, mu Juni ndi Julayi mudzakwezenso ngati mukufuna.

Pali kutentha kwina kumene pulogalamu iliyonse singakuonetseni, ndiko kwa m'zingwe. Chakumapeto kwa 2022 ena mwa eni makhadi a RTX 4090 anayamba kupeza pulagi yake yamagetsi itasungunuka, ndipo NVIDIA itafufuza inati nthawi zambiri pulagiyo inali isanalowe mpaka kumapeto. Mawati mazanamazana akamadutsa pa kachitsulo kongokhudza pang'ono, pamenepo pamayaka. Phunziro lake ndi la aliyense, ngakhale wa khadi laling'ono: kankhani pulagi iliyonse mpaka imveke kuti thapu, musaipinde pafupi ndi polowera, ndipo musadalire timaadaputala totchipa. Chimodzimodzi ma extension a pamsika a waya wowonda, amene mumalumikizapo kompyuta, sikirini, sipika ndi ayironi nthawi imodzi. Muziwagwira ndi dzanja mukasewera kwa ola. Akafunda, asintheni. Power supply nayo musaumire ndalama. Zotchipa zambiri mphamvu imene inalembedwa pa chikwangwani chake inayezedwa pa madigiri 25 kapena 30, pomwe zabwino zimalonjeza mphamvu yonse pa 40 kapena 50, ndipo m'bokosi la kwathu kuno mu Okutobala kusiyana kumeneko n'kwenikweni.

Inu amene muli ndi malo osewereramo magemu m'matauni, kumene ana amalipira kuti asewere mpira pa PlayStation kapena pa kompyuta, nkhaniyi ikukukhudzani kuposa onse, pakuti makinawo ndiwo munda wanu. Kachipinda kamodzi, makina asanu, anthu khumi ndi awiri akupuma momwemo, chitseko chotchingidwa ndi katani kuti kuwala kusasokoneze sikirini. Musatsekere makina m'kabati poopa akuba popanda kuboola malo otulukira mpweya. Fani ya m'chipinda muiike pawindo kuti izitulutsa mpweya wotentha panja, osati kungouzunguza m'katimo. Ndipo makolo amene mwagulira mwana makina otere, mufunseni akuonetseni manambala ake. Mwana amene amadziwa kutentha kwa makina ake amakhala wayamba kale kuphunzira ntchito imene ingadzamudyetse.

Tengani kope, mulembe tsiku, gemu imene munasewera, mmene kunja kunatenthera, ndi manambala a purosesa, khadi ndi hot spot patatha theka la ola. Chitani zimenezi makina ali oyera, kenaka muzibwereza pakapita miyezi itatu. Mukaona kuti pa gemu yomweyo ndi nyengo yofanana manambala akwera ndi madigiri 8 kapena 10, yambani ndi fumbi, kenaka mafani, thermal paste pomalizira. Koma mukamva fungo la pulasitiki wopsa, mukaona timadontho kapena mizere yachilendo pa sikirini, fani ikaima gemu ili m'kati, kapena makina akazima okha kawiri pa tsiku limodzi, musayatsenso kuti muone ngati zibwereze. Zulani chingwe kukhoma, ndipo popita kwa mmisiri mutenge bokosi lonse pamodzi ndi kope lija.